Madzi a m'mipope asakudyereni nyumba: zoti muziyang'ana pakhomo

Ambirife timaopa mvula, timaopa chiswe, timaopa akuba, koma madzi amene tinalipira tokha kuti alowe m'nyumba sitiwaopa, chonsecho ndi amene akumaliza nyumba zambiri m'matauni muno mwakachetechete. Tangozungulirani kuseri kwa nyumba za lendi ku Chilomoni, ku Area 25, ku Chibavi kaya ku Chinamwali, muone khoma la ku bafa. Penti wasendeka, pulasitala wafufuma moti ukamugogoda akumveka ngati mkati mulibe kanthu, m'munsi mwamera ndere. Mukafunsa eni ake akuuzani kuti ndi chinyontho cha dzinja, koma ngakhale mu October dzuwa likuswa mtengo, mvula itasiya kalekale, khomalo limakhala lonyowabe. Imeneyo ndi paipi, ikuchucha m'khoma mwina chaka chachiwiri tsopano. Ndiye nazi zoti muzichita, zambiri sizifuna pulambala komanso sizifuna ndalama, zikungofuna maso anu.

Choyamba penipeni, dziwani potsekera madzi a nyumba yonse. Zikumveka zachibwana koma tafunsani anthu a pakhomo panu lero kuti sitopukoko ili pati, muona akungoyang'anana. Nthawi zambiri imakhala pafupi ndi mita, ina imakhala ya kagudumu kozungulira, ina ya kachitsulo kongotembenuza kamodzi. Ipezeni, ifukuleni ngati inakwiririka ndi dothi, muitseke ndi kuitsegula kuti muone ngati ikugwira, ndipo muzitero pakatha miyezi ingapo chifukwa ikakhala zaka osakhudzidwa imauma gwa, tsiku loti paipi yaphulika usiku mudzapeza kuti siikutembenuka kapena chogwirira chathyokera m'manja. Muwaonetse onse, mayi a pakhomo, ana okulirapo, antchito, alonda ngati alipo. Ngati yomwe ilipoyo ndi yakufa, ikani yanu mbali ya kunyumba, kutsogolo kwa mita. Mita yeniyeniyo ndi paipi yochokera kumsewu musazigwire, zimenezo ndi za a Water Board, zikamadontha aimbireni. Koma kuchokera pa mita kulowa kwanu ndi zanu, madzi aliwonse otayika kumeneko alowa pa bilu yanu. Pansi pa sinki, pambali pa toileti ndi pa paipi yolowa mu giza pamayeneranso kukhala timavavu tating'ono, ngati palibe ikani, ndi totchipa ndipo timathandiza kuti toileti ikavuta musatseke madzi a nyumba yonse.

Chachiwiri, mita ikuuzeni zoona. Madzulo musanagone, kapena tsiku lomwe nonse mukupita ku tchalitchi, tsekani mipope yonse, onetsetsani kuti thanki ya toileti yadzaza, ngati muli ndi thanki yapanja tsekani vavu yolowetsa madzi. Ndiye jambulani mita pa foni. Manambala akuda aja ndi makiyubiki mita, imodzi ndi malita 1,000, ofiira ndi amene amawerenga malita ocheperapo, ndipo mamita ambiri ali ndi kanthu kena kakang'ono kamazungulira madzi akamadutsa ngakhale pang'ono bwanji. Pakatha maola awiri kapena kukacha jambulaninso. Ngati manambala asuntha palibe amene watsegula mpope, penapake pakuchucha, basi palibenso zokambirana. A mita ya pripeidi ndi chimodzimodzi, onani mayunitsi otsala. Anthu ambiri amathamangira kunena kuti mita ikuba, nthawi zina zimathekadi kuti mita yafa, koma yesani kaye zimenezi musanapite kukakalipa ku ofesi. Kuti mudziwe mbali yomwe kukuchucha, muzitseka timavavu tija kamodzikamodzi, toileti kaye, kenako giza, n'kumayang'ana ngati mita yaima. Ikapitirizabe zonse zili zotseka ndiye kuti vuto lili pansi kapena m'khoma. Yendani kutsatira mzere wa paipi kuchokera pa mita, pomwe pali udzu wobiriwira m'chilimwe pamene kwina konse kwauma, kumbani pomwepo.

Chachitatu ndi chomwe ine ndimaona kuti chimaononga kwambiri kuno kwathu, kusiya ndi kubwera kwa madzi. Ku Blantyre madzi ambiri amachokera ku Walker's Ferry mu Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, amachita kupopedwa kukwera mtunda ndiye magetsi akangovuta madzinso amasiya. Ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Zomba nako kusiya kwa madzi si nkhani yachilendo. Tsono chimachitika n'chiyani, munthu watsegula mpope wa ku bafa, palibe kanthu, wayesa wa ku khitchini palibe, wangosiya chotsegula n'kupita ku ntchito, kapena wasiya dala kuti madzi akabwera usiku amve. Madzi abwera 2 koloko usiku ali ndi mphamvu zawo zonse chifukwa palibe akutunga, mu sinki muli mbale zatseka kabowo, kukacha mukuponda m'madzi, matiresi a ana anyowa, masofa amwa, zitseko za m'kati zafufuma sizikutsekekanso, thumba la ufa lapita. Lamulo likhale loti wapeza mpope wouma utseke pomwepo usanachoke. Ngati mukufuna kumva kuti madzi abwera siyani wa panja wokha, nawonso ukhale ndi ndowa pansi komanso kutali ndi khoma.

Madzi akasiya zimitsani giza pa bolodi ya magetsi. Giza ikatsala yopanda madzi magetsi ali oyaka elementi, kachitsulo kotenthetsa madzi kaja, imapsa, ndipo musayatsenso mpaka mpope wa madzi otentha utatulutsa madzi bwinobwino osatsokomola. Akabwera, musathamangire kutsegula mipope ya m'nyumba. Yambani ndi wa panja, pang'onopang'ono, utulutse mpweya uja ndi matope oyambirira. Mpweya umenewo ndi umene umagwedeza mapaipi mpaka kumamveka gu gu gu m'khoma, ndipo kugwedezeka kumeneko kumamasula majointi. Timichenga tobwera ndi madzi oyamba timakakhala mu vavu ya toileti ndi ya giza n'kuzilepheretsa kutseka bwino, timatsekanso kasefa ka kukamwa kwa mpope, kaja mumangokapotokola n'kukatsuka, osati kugula mpope wina.

Tsopano toileti. Imeneyi ndi mbala yeniyeni chifukwa madzi ake amathawira m'kati, pansi simunyowa ndiye palibe amadandaula. Tsegulani chivundikiro cha thanki, thiranimo kanthu kamtundu, ka Sobo kofiira kaja kakukwana, musagejemule, dikirani mphindi 20. Mukaona mtundu watsikira m'mbale ndiye kuti labala ya pansi yatha, sinthani. Onaninso pomwe madzi akulekezera, akamafika pa kapaipi kotayira ndiye kuti mpira woyandama umene umatseka madzi uja sukutseka, pena kungopinda kachitsulo kake pang'ono kapena kusintha washa zimatheka. Chinanso gwedezani toiletiyo ndi bondo. Ikamagwedera, kapena pansi pozungulira pamakhala ponyowa ndi kafungo kosatha ngakhale mukolope ndi mankhwala, kolala ya kumbuyo yolumikiza ndi paipi yaikulu yatha, ndipo zomwe zikulowa pansi pa simenti si madzi abwino. Zoponyamo nazo, mapampasi, mapadi, tinsanza, nyuzipepala, zitsononkho, zonsezi ayi. Mukalandira alendo amene sanazolowere toileti yamadzi auzeni mwaulemu ndipo ikani tishu pooneka ndi kabini pambali, manyazi a mphindi imodzi amaposa kukumba bwalo lonse.

Mipope yodontha. Kadontho kamodzi pa sekondi iliyonse ndi malita pafupifupi 30 pa tsiku, pa chaka kupitirira 10,000, chifukwa cha washa ya ndalama zochepa kuposa mtolo wa masamba. Tsekani madzi, masulani mutu wa mpope ndi sipanala, chotsani washa yakaleyo mupite nayo ku hadiweya kuti akupatseni yofanana, hafu inchi kapena firii kota. Ndipo lekani kumanga mpope ndi mphamvu ngati mukulimbana nawo, kumeneko ndi kumene kumadya washa. Nkhani ya mphira ija ndiinene poyera. Kumanga paipi ndi chingwe cha tchubu ndi nzeru yabwino ya usiku umodzi, kudikira kuti kuche. Koma timaisiya chaka, mphira uja amauma ndi dzuwa, madzi amapeza njira pansi pake n'kumatsetsereka ndi paipi kulowa m'khoma pomwe simukuona. Ngati mwamanga lero, mawa dulani pobookapo muike soketi. Nyumba zakale zambiri zili ndi mapaipi achitsulo aja a galavanaizi, amachita dzimbiri kuchokera m'kati, chizindikiro chake madzi ofiira m'mawa ndi kuchepa mphamvu chaka ndi chaka. Ikabooka pamodzi dziwani kuti pena paliponse yatsala pang'ono, ndiye m'malo momangoika zigamba yambani kusintha chigawo chigawo ndi PPR kapena mapaipi ena apulasitiki oyenera. Koma PVC wamba musaike ku madzi otentha, ndipo yomwe ili padzuwa ipakeni penti kapena muikwirire chifukwa imauma n'kumathetheka. Timapaipi tofewa tolukidwa ndi waya tapansi pa sinki ndi toileti tija tikachita dzimbiri kapena kutupa tisintheni msanga, tikamaphulika sitichenjeza.

Kenako kwerani mu siling'i, kawiri pa chaka, ndi tochi, ndipo muziponda pa matabwa okha osati pa bolodi. Giza ya malita 150 ndiye kuti pamwamba pa mitu yanu pali makilogalamu 150 a madzi otentha, osawerengera chitsulo chake. Onani ngati pansi pake pali thireyi, komanso ngati thireyiyo ili ndi paipi yotulukira panja, chifukwa mapulambala ena amaika thireyi yokha paipi osaika, ndiye ikadzaza imangosefukira pa siling'i pomwepo. Yang'anani dzimbiri m'majointi, zoyerayera zouma ngati mchere, matabwa akuda kapena ofewa. Kapaipi kotuluka panja kuchokera pa vavu ya giza kamadontha pang'ono madzi akamatentha, lita imodzi kaya awiri pa tsiku si vuto. Kakamathira osalekeza vavu yafa, ndipo kakamatulutsa madzi otentha kwambiri kapena nthunzi zimitsani magetsi nthawi yomweyo muitane wodziwa. Chomwe musayerekeze ndi kutseka kapaipi kameneko ndi chitsekerero kuti kasiye kunyowetsa khoma, ndi kamene kamateteza giza kuti isaphulike. Kawonjezereni kutalika kokha kuti madzi azigwera kutali. Thermostat, kachida koletsa madzi kutentha mopitirira, ikhale cha pa madigiri 60, kupitirira apo mukungotha mayunitsi ndi kukalambitsa giza. M'kati mwake mumakhala kandodo kotchedwa anode kamene kamadyeka m'malo mwa thanki, muuzeni pulambala akaone pakatha zaka ziwiri, ambiri sanamvepo n'komwe za kandodo kameneka mpaka giza itabooka. Mukaona banga lachikasu pa siling'i musalipake penti, kwerani. Likakhala pafupi ndi babu kapena siling'i yayamba kulendewera ngati mimba, zimitsani magetsi a nyumba yonse kaye, ikani ndowa pansi, boolani kabowo ndi msomali madzi atuluke mwadongosolo bolodi lonse lisanagwe.

Za madzi otuluka. Sinki ya pa Malawi imavutika ndi zinthu zitatu, mafuta otsala mu poto, nkhoko za nsima, ndi mchenga kapena phulusa lokwechera mapoto. Mafuta amalowa ali amadzi koma akazizira m'paipi amagwirana, nkhoko zimamatirira pomwepo, mchenga umakhazikika pansi pa kapaipi kopindika ka kunsi kwa sinki kaja ndipo palibe mankhwala angausungunule. Mapoto okwecha ndi mchenga tsukirani panja. Mbale muzipala kaye zotsala kupatsa agalu kapena nkhuku, ndipo ikani kasefa pa bowo. Madzi akayamba kutsika mochedwa musadikire kuti atsekeretu, ikani beseni pansi, masulani kapaipi kopindikako ndi manja, khuthulani, tsukani, bwezerani osaiwala malabala ake. Mphindi khumi zatha. Pomwepo gwirani thabwa la pansi pa kabati, likakhala lofufuma ndiye kuti pakhala pakudontha. Ku bafa ndi tsitsi, makamaka tsiku lomasula mesh, kokani ndi kawaya kopinda. Kositiki soda ndimamukayikira, amawotcha khungu ndi maso, akalephera kutsegula amangokhala m'paipi kudikira munthu amene adzamasule, komanso ngati muli pa septiki amapha tizilombo tomwe timagaya zoipa.

Ku shawa yang'anani mizere ya pakati pa matailosi ndi m'makona. Ikang'ambika madzi amalowa tsiku lililonse munthu akamasamba, amatulukira mbali inayo, nthawi zambiri kuseri kwa wadirobu ya chipinda choyandikana, mudzangomva fungo la nkhungu pa zovala. Sunthani wadirobuyo muone. Kukonza kwake ndi kukokota mizere yakale n'kuthira ina, m'makona silikoni. Ndipo khoma lonyowa musalipake pulasitala watsopano musanapeze gwero, liume kaye milungu ingapo apo ayi penti adzasendekanso mwezi usanathe. Chiswe nachonso chimakonda ponyowa, chikapeza khoma lachinyontho chimakwera nalo mpaka ku mafelemu ndi ku denga.

Tulukani panja. Mpope wa panja umene uli chogundana ndi khoma, pomwe anthu amachapira ndi kutsukira tsiku lonse, madzi ake akupita ku maziko. Njerwa zathu zowotcha, makamaka zomangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, zimamwa madzi n'kufewa, ndipo ngati malo anu ndi a dothi la kudambo lomwe limatupa likanyowa n'kung'aluka likauma, mng'alu wa pakona ya nyumba umayambira pamenepo. Pangani kasimenti kotsetsereka ndi kangalande kopititsa madzi kutali, kudimba kapena ku nthochi. Vundukulani manihole aliyense kamodzi pa miyezi ingapo, wina agejemule m'nyumba inu mukuyang'ana, madzi azidutsa mothamanga osaima. Mukaona aima ndiye kuti penapake patseka, mukaona muli timizu toyera ndiye kuti paipi yang'ambika ndipo mtengo wapeza chakudya. Bulugama, mango, kachere, nsungwi, zimenezi zisakhale pafupi ndi mzere wa suweji. Musalole magalimoto kuima pamwamba pa septiki kapena sokupiti, dzenje la miyala lomwe limamwa madzi ochokera mu septiki.

Septiki imafuna kupopedwa, kawirikawiri pakatha zaka zitatu mpaka zisanu malinga ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo pakhomo pa matenanti ambiri ndi msanga kuposa apo. Musadikire kuti ibwerere m'bafa. Ikadzaza kwambiri zolimba zimadutsa kupita ku sokupiti n'kukatseka miyala, ndiye mulipira kawiri, kupopa ndi kukumba sokupiti yatsopano. Zizindikiro ndi toileti yomveka kulira ngati ikumeza movutika, fungo panja madzulo, ndi dothi lonyowa pamwamba pa sokupiti. Chitani zimenezi mu September kapena October mvula isanayambe, chifukwa nthaka ikakhuta madzi sokupiti siimwanso, ndipo madzi a padenga asalowe m'menemo. Munthu asalowe mu septiki ngakhale itapopedwa, mpweya wa m'menemo umapha. Onetsetsaninso kuti paipi ya madzi akumwa siikudutsa m'manihole kapena m'ngalande ya zoipa, chifukwa madzi akasiya paipi yobooka imayamwa zomwe zili panja. Amene anali ku Lilongwe mu July 2017 akukumbuka zomwe zinachitika ku Area 18 pomwe zoipa za m'suweji zinalowa m'madzi a m'mipope, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pakhomo pamodzi zomwezo zitha kuchitika popanda wolemba mu nyuzi.

Amene muli ndi thanki yapamwamba, ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu, ndiye muziyang'ana miyendo ya sitandi pomwe yalowa mu simenti, dzimbiri limayambira pamenepo makamaka ngati thanki imasefukira chifukwa mpira wake sutseka. Pansi pa thanki pakhale posalala ponse, osati pa zitsulo ziwiri zokha. Chivundikiro chitsekeke, ndipo itsukeni kamodzi pa chaka.

Mukamapita kumudzi pa Khrisimasi kapena ku maliro a masiku angapo, tsekani sitopukoko, tsekani vavu yotulutsa madzi mu thanki yapamwamba chifukwa imeneyo ikhoza kukhuthukira m'nyumba ngakhale mwatseka ku mita, zimitsani giza. Tsegulani mpope umodzi muone kuti madzi asiyadi, kenako muutseke.

Matenanti, mukaona chinyontho jambulani n'kutumiza kwa alandilodi pa WhatsApp tsiku lomwelo, meseji isungeni, chifukwa tsiku lotuluka dipoziti yanu idzathera pa khoma lomwelo. Alandilodi nanu, zoti "tiona kumapeto kwa mwezi" pa nkhani ya madzi ndi inu nomwe mudzalire, tenanti adzasamuka koma maziko ndi anu. Posankha pulambala funsani aneba amene anawagwirira ntchito chaka chatha osati dzulo, chifukwa ntchito yoipa ya mapaipi imaoneka patapita nthawi. Zipangizo kaguleni limodzi naye, mavavu otchipa opepuka ngati chitini aja asiyeni, tengani olemera m'manja. Musamalize kulipira asanatsegule madzi inu muli pompo, pukutani jointi iliyonse ndi tishu youma muone ngati inyowa, ndipo ngati waswa khoma asatseke tsiku lomwelo, pagone usiku umodzi madzi ali otsegula chifukwa usiku ndi pomwe amabwera ndi mphamvu. Asanapake pulasitala jambulani mapaipi onse mutaika tepi yoyezera kuchokera pakona kapena pa felemu, zithunzizo muzitumize kwa munthu winanso wa pakhomo kuti foni ikatayika zisapite nayo, ndipo muzidzaziona kaye musanakhome msomali wa galasi kapena shelefu ku bafa ndi ku khitchini.